Kabuku ka m'Pepala la Shuga

Ntchito yanga anthu akwathu saimvetsa, ndipo ndinatopa nako kuwafotokozera. Ndikangoti ndimagwira kuchipatala, wina wayamba kale kukwinya thalauzi kuti andionetse chotupa cha pabondo. Ine si namwino ayi. Magazi ndikawaona ndimachita chizungulire. Changa n'kukhala pa kompyuta, kuwerenga zimene madokotala a mtima alemba, n'kuzisandutsa manambala kuti a inshuwalansi alipire.

Mafayilo ambiri amene amandipeza ndi a anthu amene ayezedwa mitsempha ya mtima, kuyeza kumene amakutcha anjiyogalamu. Dokotala amalowetsa kapaipi kowonda ngati chingwe cha nsapato mumtsempha wa pamkono, n'kukakankha mpaka kukafika kumtima. Kenako amathiramo mankhwala ooneka pa makina ojambulira, kuti aone pamene magazi akuvutika kudutsa. Wodwala amakhala ali maso, pofika madzulo wabwerera kwawo ndi kabandeji. Zikatero mapepala amabwera kwa ine. Ngati dokotala anangoyang'ana mitsempha, nambala yake ndi ina. Ngati anayezanso mphamvu ya magazi m'kati mwa mtima, ina, ndipo imasiyananso ngati anayeza kumanzere kokha kapena mbali zonse ziwiri. Akatsegula mtsempha n'kusiyamo kachitsulo, imeneyo ndiye nkhani inanso. Lamulo lathu lalikulu ndi loti chimene sichinalembedwe sichinachitike. Pa ntchito imeneyi ndinali katswiri, sindibisa, ndipo ndinkadzimva.

Ndisanabwere kuno kunja, mumzinda wa Perth, ndinagwira zaka zisanu ndi zitatu mu ofesi ya mafayilo pachipatala china cha boma kwathu. Ndinkakhala pawindo. Amene anapitako kuchipatala kwathu akulidziwa buku lija, kabuku kamene munthu aliyense amasunga yekha, momwe madokotala amalembamo matenda ake onse ndi mankhwala amene wapatsidwa. Ukafika pawindo langa wopanda buku, unkaona zakuda. Ndinkabweza azimayi oyenda mtunda wautali kuti akagule lina pageti, ndipo ndinkawakalipira kuti mudzi wonse umve. Nkhanza zimenezo ndinkazitcha chilungamo. Phindu limene ndinatulukamo nalo n'lakuti palibe zolemba za dokotala wa kwathu zimene zingandikanike kuwerenga, ngakhale zitakhala ngati papalasa nkhuku.

Mliri utafika anatipatsa makompyuta kuti tizigwirira kunyumba. Ndinaika yanga patebulo lodyera m'kanyumba kanga m'dera la Joondalup, ndipo mitima ya anthu a mumzinda uno inayamba kudutsa pakati pa ketulo ndi botolo la mchere.

Nthawi imeneyo n'kuti mnzanga wina wa kutchalitchi ali ndi mlendo. Anali atangobereka mwana woyamba, ndipo poti mayi ake anamwalira kale, amene anabwera kudzaona mdzukulu anali bambo ake. Anabwera kuti akhale miyezi itatu. Asanathe n'komwe mwezi, malire anatsekedwa. Mwamuna wa mnzangayo ndi wa zamagetsi kumigodi ya kumpoto, milungu iwiri kuntchito, umodzi kunyumba, kotero masiku ambiri panyumba pankakhala bambowo, mwana wawo ndi khanda.

Bambowo anali mlangizi wa zaulimi wopuma ntchito, wochokera ku Ntcheu, munthu wamtali wosatha kukhala pansi. Mchenga wa kuseri kwa nyumba ya mwana wawo unawakwiyitsa tsiku loyamba lomwe. Ankati nthaka ya kuno ndi yosayamika, imadya manyowa ngati mlamu wosagwira ntchito. Komabe anaiumiriza mpaka inabala mpiru, nkhwani ndi therere. Ndikapita kukacheza sankandilola kuchoka chimanjamanja. Ankanditcha mwana wawo, ine n'kumawatcha bambo, ndipo sizinali za pakamwa chabe. Bambo anga ondibala ndinawaika m'manda ndili mtsikana, choncho mawu akuti bambo ndinkawatchula mosangalala ngati munthu wovala nsapato zatsopano.

Patapita miyezi ingapo anayamba kumaima akamakankha wilibala, dzanja lili pachifuwa. Ankati ndi mpweya wa nyemba. Mwana wawo anawakokera kwa dokotala, dokotalayo anawayeza n'kunena kuti mitsempha ya mtima ikaonedwe bwinobwino. Tsiku lomwelo mnzanga anandiimbira foni.

"Asisi, akuti apange anjiyogalamu. Si zanu zija zimenezi? Tipite kuti?"

"Bwerani kuchipatala chathu," ndinatero. "Madokotala ndimawadziwa, manja awo ndi abwino. Inshuwalansi ali nayo?"

"Ali nayo, ya mavizita ija. Timangoirinyuwa."

Ndinamva mawu a bambo chapatali akufunsa kanthu. Mnzanga anaseka. "Akuti atenge buku lawo la kuchipatala. Ndawauza kuti kuno si ku Ntcheu, zonse zili pa kompyuta. Alikulunga m'pepala la shuga, asisi, andichititsa manyazi."

Mayi wa pawindo uja anadzuka mwa ine nthawi yomweyo. "Iwe, usawaletse. Munthu amapita bwanji kuchipatala wopanda buku? Apatse foni." Atalandira ndinati, "Bambo, bukulo mutenge, ndipo mukapereke pamene akukulembani dzina. Musamvere ana a masiku ano."

"Mwamva?" anatero bambo kwa mwana wawo, mokondwa. "A kuchipatala enieni anena."

Ndimadziwa bwino lomwe kuti inshuwalansi zotsika mtengo za alendo sizilipira matenda amene munthu anabwera nawo. Ndinali nditaona makalata okana ambirimbiri. Koma tsiku limenelo sindinaganizeko. Ndinkangomva kukoma kofunsidwa nzeru.

Anawayeza Lachiwiri m'mawa. Chifukwa cha mliri mwana wawo sanaloledwe kulowa, anadikira m'galimoto ndi khanda. Bambo anapereka kabuku kawo kwa kalaliki wa pakhomo ndi manja awiri, kalalikiyo posafuna kuwakhumudwitsa anajambula masamba onse n'kuwaika m'fayilo. Zotsatira sizinali zabwino. Mitsempha itatu inali yotsekeka kwambiri, moti kachitsulo sikakanathandiza. Pankafunika opaleshoni yaikulu, yotsegula chifuwa. Dokotala anati si za lero kapena mawa, koma isachedwe.

Fayilo yawo sinabwere kwa ine, anaigwira mnzanga wina wa mu ofesi. A inshuwalansi ataona bilu ya kuyezako ndi pempho la opaleshoni anatumiza fomu yawo yachizolowezi, yofunsa kuti wodwala anayamba liti kumva zizindikiro. M'kalata ya dokotala munalembedwa zimene bambo ananena, kuti ululu unayamba miyezi iwiri yapitayo, ali kuno. Zikanathera pomwepo.

Lachisanu cha m'ma 10 koloko abwana anga anandiitana pa kompyuta. Ndi mayi wachizungu wabwino mtima, wokonda agalu, amene pa zaka zisanu sanandifunsepo kalikonse za kwathu. Pamsonkhanopo panalinso mlembi wa dokotala ndi mnzanga amene anagwira fayilo uja.

"Tili ndi kanthu kachilendo," anatero abwana. "M'fayilo ina muli masamba a kabuku kochokera ku Africa. Dokotala wayesa, ife tayesa, palibe amene akutolapo kanthu. Tisanalembe kuti n'zosawerengeka, ndati tikufunse iwe. Mwina ungazindikireko."

Anaonetsa tsamba loyamba. Chikuto chotuwa ndi thukuta, chopindika m'makona, dzina lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu za munthu wophunzira kale. Ndinalidziwa ndisanamalize kuliwerenga.

Pa ntchito yathu pali lamulo losavuta. Ukaona fayilo ya munthu amene ukumudziwa, umanena, n'kuisiya. Palibe amene amakufunsa zambiri. Ndikanangoti, pepani, awa ndimawadziwa, abwana akanatseka tsambalo n'kupepesa. Limenelo silikanakhala bodza kapena chinyengo, likanakhala lamulo lomwe ndinasainira. Khomo linali lotsegula, loyera, ndipo ndinaliona.

Koma anali atatsegula kale tsamba lachiwiri, ndipo nkhope zitatu zinali kundiyang'ana. Zaka zisanu ndinali mayi wakuda wachete amene salakwitsa manambala. Tsiku limenelo ndinali munthu yekhayo m'chipatala chonse wodziwa chinthu chimene ngakhale dokotala wa mtima chamukanika. Ndinamva kutentha kokoma m'chifuwa. Ndinakonza magalasi.

"Ili ndi buku la kuchipatala," ndinatero. "Kwathu aliyense ali nalo."

Ndinayamba kuwaphunzitsa. Ndinawaonetsa pamene pamalembedwa tsiku, pamene pamalembedwa dandaulo la wodwala, ndi mmene madokotala athu amadulira mawu chifukwa panja pali mzere wa anthu mazana. Apa malungo, anawapatsa mankhwala a masiku atatu. Apa anavulala chala ndi khasu. Apa chifuwa. Mlembi uja ankangoti zodabwitsa, zodabwitsa. Abwana anaseka n'kunena kuti ndakhala ndikubisa luso. Ine ndiye ndinachita kuthamanga, tsamba ndi tsamba, ngati mwana wa sukulu amene wafunsidwa funso lokhalo limene anawerenga.

"Apa akuti kupweteka pachifuwa akamakwera chitunda pa njinga, kumasiya akapuma. Anawapatsa asipirini ndi timapiritsi toika pansi pa lilime. Apa abweranso, zomwezo, awonjezera mankhwala. Apa akuti apite kuchipatala chachikulu akaonedwe mtima, koma sizikuoneka kuti anapita. Apanso..."

Ndinazindikira kuti palibe amene akusekanso.

"Tawerenganso tsiku la pomalizapo," anatero abwana, mawu atasintha.

Ndinaliwerenga. Linali la miyezi iwiri bambo asanakwere ndege. Loyamba lija linali la zaka zitatu m'mbuyo.

Ndinamva kulira kwa mabatani a kompyuta, mlembi akulemba. Chimene chinali chisanalembedwe m'chinenero chimene iwo amamva tsopano chinali chitalembedwa, ndipo chinali chitachitika. Dokotala sakanasainanso fomu yonena kuti ululu unayamba kuno, atadziwa zimenezi. Abwana anandithokoza kwambiri, anati ndapulumutsa chipatala ku mavuto. Msonkhano utatha ndinakhala pampando osagwedezeka mpaka tiyi anazizira. Kenako ndinatsegula fayilo yotsatira, ya munthu wina, kumanzere kokha, n'kuika nambala yake.

Ndakhala ndikudziteteza m'mutu mwanga kambirimbiri. Zimene ndinawerenga zinali zoona. Bambo anabweradi ndi matendawo, kaya anaiwala, kaya ankaganiza kuti za pa njinga zija n'zosiyana ndi za wilibala. Mwina a inshuwalansi akanapeza wina wowawerengera. Mwina akanafunsa mafunso ena n'kufika pomwepo. Zonsezi n'zotheka. Koma ine sindinawerenge chifukwa chokonda choonadi. Ndinawerenga kuti azungu atatu anditame, ndipo ananditamadi.

Kalata yokana inafika patatha milungu iwiri. Mnzanga wa kutchalitchi uja anandiimbira ali m'galimoto panja pa shopu, kuti bambo asamve.

"Asisi, akana klemu. Yonse. Ya anjiyogalamu, ya opaleshoni, akuti ndi matenda akale." Ankalira mokoka mpweya. "Akuti zili m'buku lija. Koma adziwa bwanji? Buku limene lija ngakhale ine mwana wawo sindingawerengemo liwu limodzi."

"A inshuwalansi ali ndi anthu awo," ndinatero.

Linatuluka mosavuta, ngati ndinalikonzekera. Iye anati inde, akuba amenewa ali ndi anthu paliponse, kenako anandipepesa kuti akundivutitsa nthawi ya ntchito.

Amalawi a kuno tikamva vuto sitichedwa. Uthenga unazungulira pa gulu lathu la pafoni, anzathu a ku Zambia nawo analowapo, anthu anasonkha. Ine ndinapereka zoposa mphamvu zanga, za lendi zomwe, ndipo msungichuma anandiimbira kufunsa ngati sindinalakwitse. Mbiri inamveka kuti mayi wa kuchipatala uja ali ndi mtima wa golide. Zonse zimene tinasonkha zinangokwana kulipira kuyeza kuja. Za opaleshoni zinali ndalama zoti ukazitchula munthu amayamba waseka.

Mkamwini wa bambo anati atenga ngongole pa nyumba, awonjezera masiku kumgodi. Bambo anakana. Anakana kwamtuwagalu, ndipo atamva kuti ndege zina zikunyamukabe za anthu obwerera kwawo, anauza mwana wawo kuti awagulire tikiti.

Ndinapita kukawaona Loweruka lina masana, nditatsimikiza mtima kuti ndikanena. M'galimoto ndinayeseza mawu ake njira yonse. Ndinawapeza atakhala pampando kuseri kwa nyumba, mdzukulu ali pamiyendo, akulangiza mkamwini mothirira mbewu. Anali ataonda, koma mawu anali omwe aja.

"Bambo, musapite," ndinatero. "Kwathu opaleshoni imeneyi mukaipeza kuti? Tiyeni tiyesenso, tilembe apilo."

"Mwana wanga, ine ndinabwera kudzaona mdzukulu, ndipo ndamuona mpaka wamera mano. Sindinabwere kudzagulitsa nyumba ya ana. Ndikawasiya ndi ngongole, kumanda ndikagona bwanji?"

"Bambo, buku lija. Ndine ndinakuuzani kuti mulitenge. Ndiponso..."

"Munachita bwino," anandidula. "Uyu amafuna ndilisiye, ati manyazi. Dokotala angakuthandize bwanji asakudziwa kumene wachokera? Zimene analemba m'bukumo n'zoona, chifuwachi chinayamba kale, ine ndimangoti ndi ukalamba. Inu musadandaule ndi zimenezo. Inu munatitsegulira zitseko."

Theka lachiwiri la chiganizo changa linali pakamwa. Mnzanga anatulukira ndi thireyi ya makapu, maso ali otupa, n'kundimwetulira. Ndinalandira kapu. Ndinafunsa ngati khanda layamba kukwawa.

Ananyamuka mwezi wotsatira, atavala masiki awiri ndi jekete la suti, mankhwala a miyezi itatu ali m'chikwama cha m'manja. Ku eyapoti sindinapite, ndinati ntchito yachuluka. Ankatumiza mauthenga a mawu, kudandaula za mtengo wa feteleza ndi kufunsa ngati mkamwini akuthirira. Wina unali wanga ndekha, wondidalitsa. Ndinaumvera kamodzi.

Anamwalira mvula yoyamba itagwa, ali kumunda, chaka chisanathe chichokereni kuno. Sindikudziwa ngati opaleshoni ikanawapatsa zaka khumi kapena ziwiri. Dokotala aliyense angakuuzeni kuti palibe amene angalonjeze. Chimene ndikudziwa n'chakuti sanapatsidwe mwayi woyesa.

Malire anali akadali otseka, choncho mwana wawo sanapite kukaika bambo ake. Tinasonkhana kunyumba kwake, ochepa monga malamulo a nthawiyo ankalolera, azimayi pansi m'chipinda chochezera titavala zitenje, azibambo pamipando m'galaja. Foni anailumikiza ku TV kuti tionere mwambo wa maliro kumudzi. Kumudzi kunali m'mawa, kuno dzuwa litapendeka. Zithunzi zinkaima n'kuyambanso, bokosi likutsika modukizadukiza, nyimbo ikufika mochedwa. Mnzanga anakwawa mpaka pa TV n'kuika dzanja pagalasi. Ine ndinalira kwambiri kuposa achibale, ndipo azimayi ena anachita kundigwira.

Mwambo wa kumudzi utatha, mkulu wina wa mpingo wathu anaimirira pakhomo la pakati kuti onse amve, n'kuyamba kuthokoza m'malo mwa banja. Anathokoza amene anaphika, amene anasonkha, abale a ku Zambia, abusa. Kenako anatsitsa mawu.

"Pali mayi wina pakati pathu amene sakonda kutchulidwa, koma lero atikhululukire. Malemuwa atadwala, ndi mayi ameneyu anawapezera chipatala. Ndi iye anawapezera madokotala. A inshuwalansi atatitaya, ndi iye anapereka kuposa tonsefe. Malemuwa asananyamuke anandiuza ndi pakamwa pawo kuti kuno asiya ana aakazi awiri. Mayi, taimirirani anthu akuoneni."

Ndinayang'ana pansi, ndikuyembekeza kuti apitirira. Sanapitirire. Mayi amene anali pambali panga anandigwedeza ndi chigongono. Ndinaimirira, chitenje chikumasuka, ndipo azibambo m'galaja anaomba m'manja mwapansipansi, mwaulemu wa pamaliro.

Nditakhala pansi mnzanga anasendera kwa ine n'kutsamira mutu wake paphewa langa. Mawu anali atamuthera ndi kulira, moti ndinachita kuweramira kuti ndimve.

"Asisi, pakanapanda inu sitikanadziwa n'komwe chimene chinkawadya bambo. Ndidzakuthokozani bwanji?"

Ndinamugwira dzanja. Anthu onse ankatiyang'ana mwachifundo. Ndinayankha mmene aliyense amayankhira akathokozedwa, ndinati palibe kanthu.